Phanga la kwa amalume

Lachisanu madzulo, ku Chipata

Nkhani ya phangali ndinaimva pamaliro mwezi wa Meyi. Tinali pamoto usiku, amuna okhaokha, pamene amalume anandikodola n'kupita nane kuseri kwa nkhokwe. Anandiuza motsitsa mawu kuti mwana wawo wamng'ono, posaka mbira m'phiri ndi anzake, analowa mumng'alu wina n'kupezamo miyala yowala ngati galasi, yosongoka ngati mano a galu. Nkhope yawo sinali ya munthu amene watola mwayi. "Mphwanga, iwe sukulu unapita. Ubwere udzaone ndi maso ako, utiuze ngati n'chuma kapena ndi tsoka."

Mpata wapezeka tsopano. Lolemba ndi Heroes Day, Lachiwiri ndi Unity Day, ndiye kuntchito sandifuna mpaka Lachitatu. Komanso mvula inatha kalekale. Kulowa pansi pa phiri nthawi ya dzinja, madzi akuyenda m'ming'alu, ine sindingayerekeze.

Dzina la mudzi sindilemba, la phiri sindilembanso. Ndingoti ndi m'boma la Chadiza. Amene mukundidziwa kwathu mukukudziwa, ndipo ndikukupemphani kuti musunge pakamwa.

Ndatenga mnzanga amene anakhala zaka zingapo m'maenje a ku Lundazi, kumene anthu amakumba miyala yamtengo wapatali ya aquamarine ndi tourmaline. Anabwerako ndi chipsera chachikulu pamwendo komanso maso odziwa mwala. Lero masana tinazungulira ku Down Shops kugula matochi ovala pamutu ndi mabatire, kenaka ku Kapata kugula chingwe cha nayiloni cha mamita 30, shuga, mchere, sopo ndi botolo la saladi la apongozi a kumudzi. Iye anawonjezera mandimu atatu. Nditamufunsa anangoti ndidzaona ntchito yake mkati.

Tinagulanso mamasiki. M'zitosi za mileme zimene zaunjikana zaka zambiri mumamera nkhungu inayake yosaoneka ndi maso, ndipo munthu ukapuma fumbi lake umatha kudwala chifuwa chimene madokotala amachitcha histoplasmosis. Aliyense wolowa m'phanga mokhala mileme azikumbukira zimenezi.

Loweruka

Minibasi inachedwa kudzaza. Pa boma la Chadiza tinakwera mahonda awiri, ndipo pofika kumudzi nsidze zathu zinali zitafiira ndi fumbi. Kuminda anakolola kale. Pamakomo pali matumba a chimanga, soya ndi mpendadzuwa akudikira ogula, tchire layamba kupsa, ana ali kalikiliki ndi timakasu kukumba mbewa.

Mapiri a kuno ndi matanthwe osanjikizana, ena aakulu kuposa nyumba, atatsamirana ngati munthu anachita kuwaika ndi manja. Mnzanga anandichenjeza tili panjira kuti ndisayembekezere zolendewera kudenga zija timaona pazithunzi za mapanga a kunja. Zimenezo zimapangika m'miyala ya laimu, imene madzi amaisungunula pang'onopang'ono. Kuno mwala wake ndi granite ndi gneiss, wosasungunuka chisawawa, ndipo mapanga ake ndi ming'alu ndi mipata yotsala pakati pa matanthwe amene anagumuka.

Anthu anayamba kalekale kukhala m'mipata yotereyi. M'boma lomwelino muli phanga la Kalemba, limene katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumbamo mu 1971, ndipo zimene anapeza zinaonetsa kuti anthu ankakhalamo zaka pafupifupi 37,000 zapitazo. Kufupi ndi Chipata kuli la Thandwe, ku Katete kuli la Makwe. Zimandiwawa kuti ambirife timadutsa mapiri amenewa pa basi tikuyang'ana foni, osadziwa zimene ali nazo.

Madzulo amalume anandiperekeza kwa a mfumu. Tinakhala pamphasa, tinaomba m'manja, ndipo amalume ndi amene anayankhula, poti mlendo sadzinenera yekha. A mfumu anamvetsera mpaka mapeto, kenaka anayang'anitsitsa zikhatho za mnzanga uja.

"Manja awa anagwirapo piki. Mwabwera kudzaona kapena kudzakumba?"

Mnzanga anayankha kuti kukumba anasiya, ndipo anapinda thalauzi kuonetsa chipsera. A mfumu anagwedeza mutu. Anatiloleza, koma anati nyundo kapena chitsulo chilichonse chokumbira chisakwere phiri, chimene tikapeze tikachisiye pomwepo, ndipo tikatuluka tidzayambe tafika pakhomo pawo tisanauze wina aliyense.

Usiku ndinakhala kukhitchini ndi agogo, amayi a amayi anga, akukazinga nshawa paphale. Iwo anaseka nditati anyamata apeza phanga. Anati phangalo silinasowepo. Agogo awo ankawauza kuti nkhondo ya Angoni ikamveka, mudzi wonse unkathawira mommo, ndi mbuzi zomwe, ndipo amayi ankatseka ana pakamwa ndi bere kuti asalire. Angoni anaoloka Zambezi mu 1835 ali ndi Zwangendaba, ndipo patapita zaka makumi angapo a Mpezeni anadzakhazikika dera la Chipata. Lero ndi alamu athu, mkazi wanga yemwe ndi Mngoni, ndipo ku Nc'wala ku Mtenguleni timapita limodzi. Koma phiri lija agogo amalitchulabe ndi mawu otsika.

Za mng'alu wamkati ndi miyala yowala anati sanamvepo.

Lamulungu

Tinakwera titaweruka kutchalitchi: amalume, msuweni wanga uja, mnzanga ndi ine. Njira palibe. Umadutsa m'udzu wouma, kupewa chitedze chimene nyengo ino chauma ndipo chikungodikira kamphepo, kenaka umayamba kugwira miyala ndi manja. Pamatanthwe pali mizere yoyera ya mkodzo wa mbira, ndipo eni akewo ankatiyang'ana ali chapatali n'kuzimiririka m'mipata.

Pakhomo pa phanga pali thanthwe lotambalala ngati khonde, ndipo pansi pake anthu makumi awiri akhoza kubisala mvula. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa pakhoma pali zojambula. Zam'munsi n'zofiira, zofufuma kwambiri moti uyenera kuyang'ana cham'mbali kuti uzione: mikombero ina mkati mwa inzake, ndi mizere yopingasa ngati makwerero. Pamwamba pake pali zoyera, zopaka ndi chala, zooneka ngati abuluzi atatambasula miyendo. Akatswiri amati zofiirazo n'zakale kwambiri, za anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene makolo athu ankawatcha Akafula, aja a nthano yakuti akakufunsa "mwandionera pati?" uyenera kuyankha kuti wawaonera kutali. Zoyerazo n'za makolo athu Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi zakudambwe. Amalume anangoyang'ana kamodzi n'kutembenuka. "Izo n'za azimayi," anatero, ndipo sitinafunsenso.

M'fumbi la pansi muli mapale ndi tizidutswa ta mwala woyera, takuthwa m'mbali. Ndinatola kamodzi, kosaposa chikhadabo changa, ndipo kanali ndi mbali imodzi yosemedwa mwadala. Anthu akale a ku Makwe ndi ku Kalemba zida zawo zambiri zing'onozing'ono ankazisema ku mwala womwewu wa quartz. Ndinakabwezera pamene ndinakatola.

Tinavala mamasiki n'kulowa chipinda choyamba. Fungo ndi limene limayamba kukulonjera, lowawa m'mphuno ngati la m'khola la nkhuku lotsekedwa. Pansi m'pofewa, phazi limalowa. Titawalitsa kudenga, denga lonse linagwedezeka: mileme ing'onoing'ono yambirimbiri, ina n'kuyamba kuuluka kutizungulira osatikhudza n'komwe. Msuweni wanga anatola mwala kuti aigende, amalume anamugwira dzanja. Mileme yotereyi imadya tizilombo touluka usiku, udzudzu ndi agulugufe oikira mazira m'mbewu, ndiye mlimi alibe nayo mlandu.

Kuseri kwa chimwala china, pansi penipeni, mnyamatayo anatisonyeza bowo. Kukula kwake ndi mapewa a munthu basi. Nditaika dzanja ndinamva kamphepo kozizira kakutuluka. Dzuwa linali litapendeka, ndiye tinagwirizana zobwera m'mawa.

Usiku uno tulo tikuvuta. Bowo lija ndikuliona ndikatseka maso.

Lolemba

Ndikulemba mawondo ali ndi mabala, zigongono zili zosupuka, koma ndifotokoze mwadongosolo.

Tinanyamuka kusanache bwino, chisanu chikuluma zala, titamwa tiyi ndi mbatata. Amalume anati iwo m'bowo salowa, akhala pakhomo ndi chingwe. Tinapangana kuti tikakoka katatu ndiye kuti kwavuta, ndipo dzuwa likafika pamutu tisanatuluke akaitane anthu kumudzi. Chingwecho tinachimanga pamwala, msuweni wanga anatsogola nacho, ine pakati, mnzanga pambuyo.

Mamita oyamba umakwawa ndi mawondo. Kenaka denga limatsika ndipo umagona chafufumimba, kudzikoka ndi zigongono, tochi ikuwalitsa zidendene za amene ali patsogolo. Ndinapeza munga wa nungu, wakuda ndi woyera, utagona m'fumbi pafupi ndi mphuno yanga, ndipo ndinapemphera kuti mwini wake akhale atapita koyenda. Mwala wa granite ndi wokhakhala ngati tupa. Malaya amakodwa paliponse.

Pali malo amodzi pamene mng'alu umakhota ndi kupanikiza nthawi imodzi. Mnyamatayo anangodutsa ngati buluzi. Ine chifuwa chinagwidwa, thanthwe pamsana, thanthwe pamimba. Ndinayesa kubwerera, lamba anakodwa. Mantha amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Mtima unkagunda mpaka m'makutu, mpweya m'masiki unatentha, ndipo ndinayamba kuganiza za phiri lonse limene linali pamwamba panga. Ndinamva mawu a mwanayo kutsogolo, odekha ngati a munthu wamkulu:

"Asuweni, musalimbane nawo. Tembenuzirani mutu kumanzere. Tulutsani mpweya wonse, ndiye mudzikoke."

Mnzanga kumbuyo anandigwira chidendene, osakoka, kungogwira kuti ndidziwe kuti alipo. Ndinatulutsa mpweya, chifuwa chinaphwa, ndinadutsa.

Kutsogolo kwake kuli potsika pofika m'chiuno, kenaka kachipinda kamene anthu atatu akhoza kukhala pansi mawondo akugundana. Mileme kuno kulibe, fungo kulibe, mpweya ndi wozizira ndi wachinyontho. Poyamba sindinaone kanthu koma khoma lotuwa. Ndinatsala pang'ono kufunsa ngati ndi pomwepa. Mnyamatayo anandigwira mutu ndi manja awiri n'kuutembenuza kuti tochi iloze pakona ya kumanja, m'munsi.

Khoma linayaka.

Pakhomalo padutsa mzere wa mwala woyera, wotambalala ngati mkono, kuchokera kudenga kutsikira pansi mopendekeka. Pamalo amodzi mzerewo unatseguka n'kusiya chibowo chonga mkati mwa mtsuko waukulu, ndipo m'chibowomo mwadzaza miyala yosongoka, yomera kuchokera m'mbali zonse kuloza pakati. Yambiri ndi yotalika ngati chala, ina yaing'ono ngati njere za mpunga, ndipo umodzi, wa pakatikati, ndi wotalika ngati chikhatho changa. Kutsinde ndi yoyera ngati mkaka, koma kunsonga ndi yoonekera mkati ngati madzi a pachitsime. Ingapo ndi yotuwira ngati muli utsi. Ukasuntha mutu pang'ono, kuwala kumadumpha kuchoka pa wina kupita pa wina, n'kumwazikira kudenga.

Ndinawerenga mbali za umodzi: zisanu ndi imodzi. Ndinawerenga wina, chimodzimodzi. Waung'ono kwambiri umene ndinatha kuuona bwino, chimodzimodzinso. Palibe anaisema, palibe anaipala, koma mbali zake n'zosalala kuposa galasi la pawindo, ndipo ukayendetsa chikhadabo umamva timizere topingasa tosaoneka bwino ndi maso. Ndinakhudza umodzi wokha, ndi chala chimodzi. Unali wozizira ngati wachokera mufiriji.

Kuzungulira chibowocho kuli mwala wina wofiirira, wosweka mwamabwalomabwalo, umene mnzanga anati ndi feldspar, ndi tizigamba tonyezimira tosanjikizana ngati mamba a nsomba, timene ndi mica. Iye anakhala chete nthawi yaitali akuyendetsa tochi pang'onopang'ono kutsatira mzerewo, kukwera, kutsika, kubwereranso. Ndinadziwa chimene ankafuna: mtundu wobiriwira mopita kubuluu wa aquamarine. Sanaupeze. Anapuma mozama, ndipo sindinathe kudziwa ngati kunali kukhumudwa kapena kumasuka.

Kenaka msuweni wanga anapisa m'thumba n'kutulutsa mwala umodzi wothyoka. Anauthyola tsiku loyamba lija ndi chikwanje, ndipo wakhala akuubisa m'denga la nyumba. Anatisonyeza pamene anauchotsa. Chipsera chake chikuoneka poyera, choyera mbuu pakati pa inzake, ndipo iwiri yoyandikana nayo inang'aluka. Mwanayo anaweramitsa mutu. Palibe anamukalipira.

Pa wothyokawo ndi pamene mnzanga anayesera. Anaukanda ndi kampeni ka m'thumba, sipanaoneke kanthu. Anautenga n'kukanda botolo lathu la madzi lagalasi, ndipo unasiya mzere. Anadula ndimu n'kufinyira, madzi ake anangoyenderera. Ukanakhala calcite, mwala wa m'mapanga a laimu, mpeni ukanaukanda mosavuta ndipo asidi akanautulutsa timathovu. Pa muyeso wa Mohs wa kulimba kwa miyala, umene umayambira 1 kufika 10, calcite ali pa 3, quartz ali pa 7. "Ndi quartz," anatero. "Mwala womwe uja wa tizidutswa ta pakhomo, womwe uja wa nsangalabwi zoyera za kumtsinje. Kungoti uwu unapeza malo omera mwaufulu."

Mawu akuti kumera anandikhala mumtima, ndipo ndi oona. Miyala imeneyi sinapangike m'phangamu monga mmene lilili lero. Inapangika pansi kwambiri, nthawi imene granite anali chiphalaphala chotentha chimene chinkazizira pang'onopang'ono. Chotsalira chake, chokhala ndi madzi ambiri, chinalowa m'ming'alu n'kuuma mochedwa, ndipo pamene panatsala mpata, quartz anakula kadontho ndi kadontho, mbali zake zisanu ndi imodzi zikutsatira mmene tizigawo take tosaoneka timalumikizirana. Mizere yotereyi akatswiri amaitcha pegmatite. Kenaka mvula ya zaka mamiliyoni inakokolola zonse zimene zinali pamwamba, phiri linang'ambika, mng'alu unadzadutsa pambali pa chibowocho. Akafula anakhala pakhonde paja, makolo athu anabisala m'chipinda cha mileme, ndipo mwina palibe mmodzi yemwe anadziwa chimene chinali kuseri kwa khoma.

Kudenga, pamene pakudontha madzi, pali timatuza ting'onoting'ono totuwa, tounjikana ngati mbuliwuli. Timeneto ndiye tikukulabe mpaka lero, kuchokera ku zimene madzi amasiya akamauma. Dontho limodzi linkalendewera pamenepo nthawi yonse imene tinakhala, ndipo linagwa kamodzi kokha.

Mnzanga anati tizimitse matochi. Mdima wa m'mudzi usiku wopanda mwezi uli ndi nyenyezi, uli ndi moto wa kwa aneba. Uwu ulibe kanthu. Ndinaika dzanja pamphuno, sindinalione. Ndinkamva kupuma kwa anzanga awiri ndi kugunda kwa mtima wanga, basi. Ndinaganiza zakuti miyala ija imakhala chomwechi usana ndi usiku, yosawala, yosaonedwa, ndipo kuwala konse kumene inalandirapo ndi kwa matochi a ana osaka mbira ndi athuwa. Mwanayo ndi amene anayamba kuyatsa.

Potuluka pamalo opanikiza paja sindinavutike kwambiri, koma thalauzi linang'ambika pabondo. Tinapeza amalume ataimirira, chingwe atachikulunga kudzanja mpaka zala zitatupa. Anatiwerenga ndi maso, mmodzi, awiri, atatu, kenaka anakhala pansi.

Monga mwa pangano tinayamba kwa a mfumu. Anamva zonse, analandira mwala wothyoka uja, anauzunguza m'manja, n'kunena kuti mawa m'mawa kukhale bwalo.

Madzulo apongozi anaphika nsima ya mgaiwa ndi chiwawa chotendera, ndi mbewa zimene ana anabwera nazo. Tikudya, mnzanga anafotokozera amalume za ku maenje: mmene mphekesera imodzi imasandutsira tchire kukhala msasa wa anthu mazana m'milungu yochepa, mmene dzenje linamugwera mwendo, mmene ogula ochokera kutali ankatengera mwala wabwino pa ndalama ya thumba la ufa. Chimene chinamuopsa lero si chimene anaona. Quartz, feldspar ndi mica zikakhala pamodzi chomwechi, wokumba aliyense amadziwa kuti ndi m'mizere yotere mmene aquamarine amapezeka nthawi zina. Sadzafunsa ngati alipo. Adzaswa kuti aone.

Lachiwiri

Bwalo linakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando ndi pazitsa, amayi pamphasa. Anthu anabwera ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera, kusonyeza kuti nkhaniyi sinali chinsinsi monga amalume ankaganizira.

Ndinafotokoza zimene tinaona. Nditangokhala pansi, anaimirira mnyamata wina wa banja lake, wa ana atatu. Anayankhula mwaulemu koma mawu ake anali ndi moto. Anati feteleza wakwera, soya ogula akumutenga pamtengo wachipongwe, mwana wake wamkulu akufunika yunifolomu ndi nsapato, ndiye anthu a m'tauni abwere kudzatiuza kuti chuma chili m'phiri lathu tizingochiyang'ana? Ambiri anavomereza chapansipansi. Ine sindinamuone ngati wolakwa. Ine ndimalandira malipiro pakutha pa mwezi, iye amadikira kamodzi pachaka. Kukongola kwa mwala ndi kosavuta kukuyamikira m'mimba muli nsima.

Mnzanga ndi amene anamuyankha, ndipo anayankha ngati wokumba mnzake. Anati quartz wotereyu ali ponseponse m'dziko muno ndipo mtengo wake ndi wochepa, chibowo chonse chija sichingagule feteleza wokwanira munda umodzi. Kuti munthu afike pamzerewo ndi zida ayenera kukulitsa njira, ndipo kukulitsa njira m'matanthwe otsamirana ndi kugwetsa denga. Choyamba kugwa chidzakhala khonde la zojambula. Chachiwiri akhoza kukhala munthu.

Ine ndinawonjezera za malamulo. Kukumba miyala kumafuna chilolezo cha boma, ndipo malo okhala ndi zojambula zakale ndi zotsalira za makolo amatetezedwa ndi lamulo la 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission, bungwe lomwe limayang'anira Kalemba ndi Thandwe. Ndinaona kuti mawu a lamulo sanalowe kwambiri. Anthu a kumudzi lamulo amalimva ngati chinthu chokhala ku Lusaka.

Amene anatontholetsa bwalo ndi agogo. Sanaimirire. Anangoti ali pamphasa pomwepo, "Phiri lija linatisunga. Pakanapanda phanga lija, amene mwakhala panonu theka simukanabadwa. Lero mukufuna mulilipire ndi nyundo?"

A mfumu anagamula kuti nkhaniyi aitengera kwa mfumu yaikulu, ndipo kufikira yankho litabwera palibe wolowa m'bowo lija popanda kuwauza. Mwala wothyoka anaupereka kwa msuweni wanga kuti akaubwezere yekha, pamodzi ndi atate ake. Ine anandipatsa ntchito yolemba kalata ku bungwe lija kuti adzaone zojambulazo.

Si onse anakhutira. Mnyamata wa ana atatu uja anachoka bwalo lisanathe, ndipo ndinamuona ataima kumunda kwake akuyang'ana kuphiri. Inenso mtima sunakhazikike. Kalata nayonso imaitana alendo. Akabwera a boma kudzabwera galimoto, galimoto idzasiya mkukuluzi, ndipo mkukuluzi aliyense akhoza kuutsata. Ndinawauza amalume maganizo amenewa pondiperekeza. Anati kukhala chete kwatheka zaka zonsezi chifukwa palibe ankadziwa, koma tsopano ana asukulu onse akudziwa, ndiye kuli bwino alendo oyamba akhale amene tawaitana tokha. M'kalatamo ndilemba za khonde, zojambula, mapale ndi tizidutswa ta zida. Za kachipinda kamkati adzamva kwa a mfumu pakamwa, akadzafika.

Agogo anandipatsira nshawa m'kathumba ndi nkhuku yamoyo, imene yalira njira yonse pa honda ndi m'minibasi.

Tafika ku Chipata kutada. Mkazi wanga anakana kuti zovala za kuphanga zilowe m'nyumba, ndiye ndazichapira panja, pansi pa babu la pakhonde, nditavalanso masiki. Nditatsanula madzi oyamba, pansi pa beseni panatsala matope akuda, ndipo m'matopemo munali timamba ta mica tambirimbiri, tonyezimira, timene tinakakamira m'malaya pamene ndinkadzikoka chafufumimba. Ndinaitana mwana wanga wamkazi kuti adzaone. Anaviika chala, anachiyang'ana pa kuwala, n'kundifunsa kuti akadzakula ndidzapita naye.